Malemu Alick Nkhata (1922–1978): Woimba ndi Woulutsa Mawu wa Mayiko Atatu

Mumzinda wa Lusaka muli msewu wotchedwa Alick Nkhata, umene umadutsa pa likulu la nyumba youlutsira mawu ya dziko la Zambia. Anthu ambirimbiri amayenda mumsewuwo tsiku ndi tsiku, ndipo achinyamata ochuluka amene amatchula dzinali amangolidziwa ngati dzina la msewu. Koma pakati pa agogo amene takhala nawo pa mwambo uno alipo ena amene akukumbukira kuti mwini dzinalo anali munthu amene mawu ake ankalowa m'nyumba za anthu madzulo, kuyambira ku migodi ya ku Kitwe mpaka ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, ndi kuwoloka malire kufika m'midzi ya ku Nyasaland. Tasankha kukumbukira moyo wa bambo ameneyu chifukwa ntchito yawo inali yosonkhanitsa nyimbo za anthu ndi kuzibwezera kwa eni ake kudzera pa wailesi, ndiponso chifukwa funso lakuti mawu otere asungidwa bwanji latigwera ife amene tili moyo lero.

Ubwana ndi usilikali

A Nkhata anabadwa m'chaka cha 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Bambo awo anali Mtonga, mayi awo Mbemba. Mwana wobadwira m'banja la mitundu iwiri amazolowera msanga kuti chinthu chimodzi chikhoza kukhala ndi mayina awiri, ndi kuti nyimbo ya kuchimuna siifanana ndi ya kuchikazi ngakhale zonse zili zokoma. Khutu lotere linawathandiza moyo wawo wonse, pakuti atakula anaimba m'zilankhulo zingapo, makamaka Chibemba ndi Chinyanja.

Anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, imene m'masiku amenewo inali imodzi mwa ntchito zochepa zolemekezeka zimene boma la atsamunda linkalola munthu wakuda kugwira. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itabuka mu 1939, anyamata ambiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland analembedwa usilikali, ndipo a Nkhata anali m'gulu la amene anatumizidwa kutali, mpaka ku Burma. Asilikali amene anabwerako ku nkhondoyo anabwera ataona mayiko ena, atamva nyimbo za mitundu ina pa wailesi ndi pa galamafoni, ndiponso atazindikira kuti mzungu naye amaopa, amavulala, amafa monga munthu wina aliyense. Zimene anaonazo zinasintha kaganizidwe ka mbadwo wonsewo pa nkhani za ndale ndi za chikhalidwe.

Kuphunzira kujambula nyimbo

Nkhondo itatha mu 1945, a Nkhata anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England amene anathera moyo wake akujambula nyimbo za anthu a mu Africa. Tracey ankayenda ndi galimoto lonyamula makina ojambulira mawu, kulowa m'midzi, m'migodi ndi m'mabwalo a mafumu, ndipo anafikanso ku Nyasaland kangapo m'zaka za m'ma 1950. Mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg, imene mu 1978 inasamutsidwira ku Rhodes University, kumene ili mpaka lero.

Ntchito yojambula nyimbo m'mudzi ili ndi mwambo wake. Mlendo ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu, afotokoze chimene wadzera, adikire kuti oimba asonkhane. Wojambula ayenera kudziwa poika chotengera mawu kuti ng'oma zisamize mawu a wotsogolera nyimbo, ndipo akatha alembe dzina la woimba, mudzi wake, chilankhulo, tsiku ndi tanthauzo la nyimboyo. Nyimbo yojambulidwa popanda zolemba zimenezi imasanduka ngati mwana wotayika pamsika, amene aliyense akumuona koma palibe akudziwa kwawo. A Nkhata anaphunzira luso limeneli ali mnyamata, ndipo anali ndi mwayi umene Tracey analibe: ankamva zimene oimbawo ankanena, ndi zimene ankabisa kuseri kwa mawu awo.

Wailesi ya ku Lusaka

Kuulutsa mawu ku Northern Rhodesia kunayamba mu 1941, pamene nthambi ya boma yofalitsa nkhani inatsegula kanyumba kakang'ono ku Lusaka kuti mabanja a asilikali azimva za nkhondo. Nkhondo itapita, mkulu wa nthambiyo, Harry Franklin, analimbikira kuti nyumbayo ikule ndi kutumikira anthu akuda a m'mayiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Umu ndi mmene inabadwira Central African Broadcasting Service, imene inkaulutsa m'Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Vuto linali lakuti anthu analibe mawailesi. Amene analipo anali odula, ofuna magetsi, ndipo munthu wamba ankamvera pa bwalo la boma kapena m'holo ya kumigodi. Franklin anayenda m'makampani a ku Britain kufunafuna amene angapange wailesi yotchipa yoyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa thupi lake linali lozungulira ngati sefuliya. Inali yobiriwira ngati thambo, mabowo ake anatchingidwa ndi kawaya kuti tizilombo tisalowe, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire lake paundi imodzi ndi masheleni 5. Mphunzitsi, kalaliki, wogwira ntchito kumgodi kapena mlimi wa fodya amene wakolola bwino ankatha kuigula. Nyumba imene inali ndi wailesi ya sefuliya inkadzaza madzulo, ana pansi, amayi pamphasa, abambo pamipando, onse chete kuyembekeza kuti Lusaka ayankhule.

Iyi ndiyo nyumba imene a Nkhata analowa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, monga woulutsa mawu, womasulira ndi woyang'anira nyimbo. Pakati pa mapulogalamu okondedwa kwambiri panali ya Zimene Mwatifunsa, mmene omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. M'masiku amene amuna ankapita ku Joni, ku Salisbury kapena ku migodi ya mkuwa n'kukhalako zaka osabwerera, kumva dzina la mwana wako likutchulidwa pa wailesi kunali ngati kulandira kalata pamaso pa mudzi wonse. Peter Fraenkel, amene anagwira ntchito limodzi ndi a Nkhata, analemba za moyo wa panyumbayo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, lofalitsidwa mu 1959, ndipo bukulo ndi limodzi mwa maumboni aakulu amene tili nawo a nthawi imeneyo.

Nyimbo zawo

A Nkhata ankaimba gitala, ndipo mawu awo anali ofewa, omveka bwino liwu lililonse. Anayamba ndi kagulu ka anthu anayi, kenaka anatsogolera gulu la Lusaka Radio Band, limene pambuyo pake linadziwika ndi dzina lakuti Big Gold Six. Njira yawo inali yotenga nyimbo ya kumudzi, ya pamtondo kapena ya pabwalo la gule, n'kuiveka gitala ndi mawu ogwirizana a amuna angapo, monga ankachitira magulu a ku America ndi a ku South Africa amene mbale zawo zinkamveka m'matauni. Munthu wa kumudzi ankaizindikira nyimbo yake, munthu wa m'tauni ankaivina osachita manyazi.

Zimene ankaimba zinali za moyo umene omvera ankaudziwa: mnyamata wofika m'tauni koyamba, mkazi wosiyidwa kumudzi, mowa umene umatha malipiro a mwezi, oyendetsa matakisi, chikondi ndi kutsanzikana. Anaimbanso nyimbo yotchula mfumu Kalindawalo ya Ansenga a ku Petauke, chizindikiro chakuti nyimbo za kum'mawa kwa Zambia ankazidziwa ndi kuzilemekeza ngakhale anabadwira kumpoto. Ankalangiza moseketsa, monga amachitira nkhalamba yanzeru imene imakudzudzula iwe uli kuseka, n'kudzamva kuwawa kwake uli panjira yobwerera kwanu.

Phindu la ntchito imeneyi limaoneka tikakumbukira mmene zinthu zinalili. M'masukulu ambiri a nthawi imeneyo mwana ankaphunzitsidwa kuti ng'oma ndi magule a makolo ake ndi zachikunja, ndipo munthu wophunzira ankayenera kuzitalikira. Wailesi inali chida chamakono koposa zonse zimene anthu anali ataziona. Pamene chida chimenecho chinayamba kuimba nyimbo za pamtondo, m'mawu a munthu wophunzira amene anaona mayiko, anthu anayamba kukayika zimene anauzidwa zija.

Masiku a chitaganya

Mu 1953 boma la Britain linalumikiza mayiko atatu aja m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda atakana poyera. Oulutsa mawu akuda anapezeka pakati pa moto ndi madzi. Nkhani zimene ankawerenga zinali zolembedwa ndi boma, ndipo zina zinali zoyamikira chitaganya chimene abale awo ankadana nacho. M'nyengo yomweyo munafala mphekesera za anthu opopa magazi, amene ku Northern Rhodesia ankawatcha banyama, ndipo ogwira ntchito ku wailesi anali m'gulu la okayikiridwa. Anthu ankafunsana kuti munthu wakuda wanzeru zake angayamikire bwanji chitaganya ngati sanagwidwe ndi kusandutsidwa kapolo wa azungu. Mawu omwewo amene ankakondedwa m'nyumba iliyonse anayamba kuopedwa, ndipo woulutsa mawu ankayenda m'komboni mosamala.

Mu 1958 nyumba ya ku Lusaka inalowetsedwa mu Federal Broadcasting Corporation, imene likulu lake linali ku Salisbury. Ufulu wochepa umene oulutsa mawu anali nawo unacheperachepera. A Nkhata anaima kumbali ya omenyera ufulu, ndipo anapeka ndi kuimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP chotsogoleredwa ndi Kenneth Kaunda. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala chaka chomwecho, ndipo dziko lililonse linakhala ndi nyumba yakeyake youlutsira mawu. Omvera a ku Malawi anatembenukira ku Blantyre, koma amene anakula akumvera Lusaka sanaiwale mawu amene anawazolowera.

Utsogoleri ndi kupuma

Dziko litalandira ufulu, a Nkhata anakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a nyumba youlutsira mawu ya Zambia, ndipo anatsogoleranso nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Udindo umenewu unali wolemera m'dziko la mitundu yoposa 70, limene atsogoleri ake ankafuna kuti anthu adzione ngati fuko limodzi popanda wina kutaya chilankhulo chake. Munthu wobadwa kwa Mtonga ndi Mbemba, woimba m'Chinyanja, anali woyenera ntchitoyo. Oimba achinyamata ambiri anapeza khomo lotseguka ku wailesi m'zaka zimenezo, ndipo pamene Pulezidenti Kaunda analamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo zochuluka zedi zoulutsidwa zikhale za m'dzikomo, munda unali utalimidwa kale ndi a Nkhata ndi anzawo.

Mu 1974 anapuma pa ntchito n'kupita kukakhala pa famu yawo ku Mkushi. Anali ndi zaka 52, ndipo akanatha kukhala zaka zambiri akulima ndi kulangiza oimba. Koma nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inali itafika m'dziko la Zambia, limene linalandira omenyera ufulu a ZIPRA otsogoleredwa ndi Joshua Nkomo. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a boma la Ian Smith anawoloka malire ndi ndege n'kuukira misasa ya ZIPRA, wina ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka, wina ku Mkushi. Anthu ambiri anafa. A Nkhata, amene famu yawo inali kufupi ndi msasa wa ku Mkushi, anaphedwa pa chiwembu chimenecho ali ndi zaka 56. Msilikali amene anapulumuka ku Burma anafera pakhomo pake, pa nkhondo ya ufulu wa dziko loyandikana nalo limene anthu ake ankamvera mawu ake zaka makumi awiri m'mbuyomo.

Zimene zinatsala

Mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo ngati palibe wowagwira. Zambiri zimene zinkaulutsidwa m'zaka za m'ma 1950 zinkanenedwa pomwepo osajambulidwa. Zimene zinajambulidwa zinali pa mbale zosweka msanga kapena pa matepi, ndipo popeza tepi inali yodula, nyumba zoulutsira mawu m'mayiko ambiri, ngakhale olemera, zinkafufuta pulogalamu yakale kuti zijambulepo yatsopano. Matepi otsala anakumana ndi kutentha, chinyezi ndi chuku. Nyimbo zina za a Nkhata zinapulumuka, ndipo mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inazisonkhanitsa pa chimbale chotchedwa Shalapo. Chifukwa cha chimbale chimenecho, mdzukulu amene sanawaonepo akhoza kumva gitala lawo lero. Koma munthu amene anayankhula pa wailesi zaka zoposa makumi awiri anasiya zambiri kuposa nyimbo zokwana chimbale chimodzi: moni amene ankapereka, nkhani zimene ankamasulira, Chinyanja ndi Chibemba cha masiku amenewo monga chinkatulukira pakamwa.

Chitsanzo china chikuonetsa kuti kusunga n'kotheka. Julius Chongo ankasimba nthano zake za Poceza M'madzulo m'Chinyanja pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zina mwa nthanozo tikhoza kuziwerenga lero chifukwa Ernst Wendland anazilemba kuchokera pa matepi n'kuzifalitsa m'buku. Pakanapanda munthu wosamala matepiwo, luso la Chongo likanatsala m'mitima ya okalamba okha.

Apa ndi pamene nkhani ya a Nkhata ikukhudza aliyense wa ife. Kaseti inatulukira mu 1963, yopangidwa ndi kampani ya Philips, ndipo pofika zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mawailesi a kaseti anali atafika m'nyumba zambiri. Anthu ankadikira pulogalamu yawo yapamtima chala chili pa batani, n'kujambula nyimbo, masewero, nthano, maulaliki, mpira, zoyankhula za mafumu ndi za atsogoleri. Ankajambulira chisangalalo chawo, kapena kuti atumizire mbale wawo amene ali kutali. Sankadziwa kuti tsiku lina kaseti yawoyo ikhoza kukhala yokhayo yotsala, nyumba youlutsira mawu itafufuta kapena kutaya tepi yake. Makaseti amenewa alipo mpaka lero m'masutikesi, m'makatoni pansi pa bedi, m'nyumba za makolo amene anatisiya. Ambiri amatayidwa pa tsiku logawa katundu wa malemu, chifukwa palibenso wailesi yowaimbira.

Amene muli nawo makaseti otere, musawataye. Asungeni choimika, m'zikuto zawo, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi dzuwa ndi masipika, pakuti maginito amafufuta mawu. Thyolani timano tiwiri ta pamwamba pa kaseti kuti wina asajambulepo mwangozi. Kaseti imene yachita chuku kapena yomatirira musaiimbe, chifukwa ikhoza kuduka ndi kuwononganso makina. Ipititseni kwa odziwa. Funsani akulu a pakhomo akadali moyo kuti anajambula ndani, chaka chanji, kuchokera pa wailesi iti, ndipo akuyankhulayo ndani, mulembe zimenezo pa pepala monga ankachitira a Nkhata ndi Tracey. Mawuwo akasamutsidwira pa kompyuta, asungidwe malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo kaseti yeniyeniyo isatayidwe. Nyumba zosungira mbiri ya dziko ku Zomba ndi ku Lusaka zinakhazikitsidwa kuti zinthu zotere zisatayike, ndipo bungwe la UNESCO linapatula tsiku la 27 Okutobala chaka chilichonse kuti anthu azikumbukira chuma cha mawu ndi zithunzi zojambulidwa.

Pogawana ndi ena, tisaiwale ulemu. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo woimba akamwalira banja lake lilipo. Kugulitsa ntchito yake popanda chilolezo n'kudya thukuta la wina. Dzina la woimba ndi la woulutsa litchulidwe nthawi zonse. Palinso nyimbo ndi malangizo a kudambwe ndi a kutsimba amene sayenera kumveka paliponse, ndipo wopeza zotere pa kaseti ayambe wafunsa mafumu ndi anamkungwi asanaziike pa intaneti.

Makolo anati mawu a akulu amakoma akagonera. A Nkhata anathera unyamata wawo akuyenda ndi makina kuti mawu a akulu a m'midzi agonere, ndipo anathera ukulu wawo akuwabwezera kwa anthu pa wailesi. Papita zaka zoposa 45 chimwalirireni, ndipo tepi siikhala kosatha. Mukabwerera kwanu kuchokera pa mwambo uno, tsegulani sutikesi ya agogo muone zimene zili m'katimo, muitane amene angathe kuzindikira mawuwo akadali pakati pathu.

Mzimu wa malemu Alick Nkhata uuse mumtendere.